Onyamula katundu wa nyukiliyasi, ndi kachilombo kamene kanaphunzira ntchito yawo

Aliyense amene analemba bayoloje ya Giredi 12 kuno ku Zambia anajambulapo selo: mzere wozungulira, pakati nyukiliyasi, ndipo m'mbali mwa nyukiliyasiyo timipata tingapo. Akakufunsa ntchito ya timipatato umalemba kuti timalola zinthu kulowa ndi kutuluka, malikisi n'kupata. Yankholo ndi loona, koma ndi lofupika kwambiri. Ngati pali pobooka, bwanji zonse za m'selo sizingokhuthukira mkati? Ndipo ngati pamatsekeka, nanga zinthu zikuluzikulu zimadutsira pati?

Vutolo limayambira pa mmene selo linagawira ntchito. DNA ya selo limodzi la munthu, itatambasulidwa, imatalika pafupifupi mamita 2, ndipo yonseyo imapindidwa n'kusungidwa mu nyukiliyasi, yokutidwa ndi nembanemba ziwiri. Koma mapuloteni sapangidwira mmenemo. Amapangidwa kunja, mu saitopulazimu, ndi maribosomu. Tsono nyukiliyasi imafuna mapuloteni ambiri zedi: ma histone amene DNA imakulungidwapo, ma enzyme okopera DNA ndi okonza pamene yawonongeka, ndiponso mapuloteni olamula kuti malangizo ati awerengedwe nthawi iti. Ngakhale maribosomu enieniwo, zidutswa zake zimapangidwa kunja, kulowa mkati kukalumikizidwa ndi RNA, kenako n'kutulukanso zitasonkhanitsidwa. Zonsezi zimadutsa pa zibowo za nembanemba ija.

Chibowo chimodzi ndi chimango chachikulu kuposa pafupifupi chilichonse chomangidwa ndi mapuloteni m'selo. Chimapangidwa ndi mitundu pafupifupi 30 ya mapuloteni otchedwa nucleoporin, mtundu uliwonse ukubwerezedwa ka 8, ka 16 kapena ka 32, moti chonsecho chimakhala ndi mapuloteni okwana ngati 1,000 oyalidwa mozungulira m'magawo 8 ofanana. M'mimba mwake ndi ma nanomita pafupifupi 120, ndipo njira yapakati ndi ma nanomita 40 mpaka 60. Kuti mupeze nanomita imodzi, gawani milimita m'zigawo 1 miliyoni. Selo la munthu limakhala ndi zibowo masauzande angapo, la yisiti 100 mpaka 200 chabe, ndipo chibowo chilichonse chimatha kudutsitsa katundu ka 1,000 pa sekondi imodzi, wolowa ndi wotuluka nthawi yomweyo.

Chodabwitsa n'choti pa njira yapakatiyo palibe chitseko chotseguka ndi kutsekeka. Muli timaulusi ta puloteni topanda maonekedwe okhazikika, tomangiriridwa ku khoma la chibowo, tikugwedezeka ndi kumamatirana. Timaulusiti tili ndi ma amino acid (tizidutswa timene timalumikizana n'kupanga puloteni) awiri obwerezedwabwerezedwa, phenylalanine ndi glycine, amene asayansi amawalemba mwachidule kuti FG. Phenylalanine sagwirizana ndi madzi, choncho mawanga a FG amakonda kugwirana okhaokha, n'kupanga chinthu chowirira chimene chimadzaza njira yonse. Madzi, mchere, shuga ndi timapuloteni ting'onoting'ono timadutsamo tokha. Puloteni ikamakula, kudutsa kumavuta, ndipo ikapitirira ma kilodalton 30 kapena 40 (uwu ndi muyeso wa kulemera kwa puloteni) imatha kudikira nthawi yaitali osapyola.

Amene anagulapo tomato pa Soweto Market m'mawa wa Loweruka akudziwa mpanda wopanda geti. Pakati pa mizere ya malonda anthu amadzaza mpaka phewa kukhudza phewa. Kamwana kamalowa m'miyendo ya anthu n'kutulukira uko. Inu mutasenza thumba la mbatata muima pomwepo. Koma mnyamata wa wilibala amapyola ndi matumba atatu: agwira phewa la uyu, "njira amayi," akhudza chigongono cha uyo, anthu apatuka pang'ono, iye adutsa, kumbuyo kwake khamu latsekanso. Sagwira munthu kwa nthawi yaitali, akanatero akanaima. Mapuloteni onyamula katundu amachita zomwezo ndi timaulusi ta FG. Kunja kwawo kuli timaenje tambiri momwe phenylalanine amalowamo pang'ono n'kutulukanso msanga, ndipo kugwira ndi kusiya kumeneku ndiko kumawalola kusungunukira m'chowirira chija pamodzi ndi katundu wawo. Ulendo wonse umatenga kachigawo kochepa ka sekondi.

Koma wonyamulayo amadziwa bwanji katundu woyenera? Yankho linayamba kuoneka mu 1982 ku Cambridge, pamene Colin Dingwall ndi Ron Laskey ankagwiritsa ntchito mazira a chule wa kuno ku Africa, Xenopus laevis. Mazirawa ndi aakulu moti munthu amatha kuwabaya ndi kasingano. Iwo anatenga puloteni yotchedwa nucleoplasmin, imene imakhala mu nyukiliyasi, n'kuidula mchira. Yopanda mchira inakanika kulowa, pamene mchira wokhawo unalowa. Zaka ziwiri pambuyo pake, mu 1984, Daniel Kalderon ndi Alan Smith ku Mill Hill, London, anapeza chizindikiro chenicheni pa puloteni ya kachilombo ka anyani kotchedwa SV40. Chinali cha ma amino acid 7 okha, olembedwa PKKKRKV. Atasintha lysine mmodzi wa pakati, puloteni yonse inatsalira kunja. Atamata chizindikirocho pa enzyme ya pyruvate kinase, imene ilibe chochita mu nyukiliyasi, enzyme ija inakapezeka mkati. Chizindikiro chotere chimatchedwa NLS. Zilembo K ndi R zikuimira lysine ndi arginine, onse okhala ndi chaji ya pozitivu. Cha nucleoplasmin chinadzapezeka kuti chili m'magulu awiri a ma amino acid oterewa, olekanitsidwa ndi ena pafupifupi 10.

Pali kanthu kena apa koyenera kukaona. Mapuloteni opita kumalo ena a selo nthawi zambiri amadulidwa chizindikiro chawo akafika. NLS siidulidwa. Selo la munthu likamagawikana, nembanemba ya nyukiliyasi imaphwasuka yonse, za mkati n'kusakanikirana ndi za kunja, ndipo maselo awiri atsopano akamanga manyukiliyasi awo amafunika kutoleranso mapuloteni omwe aja. Akanakhala atataya chizindikiro, bwenzi ntchito yonse ikuyambidwanso. Ganizo loti mapuloteni amayenda ndi zizindikiro zonena kumene akupita ndi limene linapatsa Günter Blobel mphoto ya Nobel mu 1999.

Onyamulawo anachedwa kupezeka. Mu 1990 Stephen Adam ndi Larry Gerace anaboola nembanemba yakunja ya maselo ndi mankhwala a digitonin, saitopulazimu n'kutayika, nyukiliyasi n'kutsala yathunthu. Katundu wokhala ndi NLS sanalowe mpaka atabwezeramo madzi a saitopulazimu, ndipo apa anthu anayamba kusefa madziwo kuti aone chofunika n'chiti. Mu 1993 kunapezeka kuti puloteni yaing'ono yotchedwa Ran ndi yofunika pa ntchitoyi. Mu 1994 Dirk Görlich anapeza importin alpha, ndipo mu 1995 magulu angapo anapeza importin beta. A mu labotale ya Blobel ku New York anawatcha karyopherin, ndiye mukakumana ndi maina awiriwa m'manotsi a ku Ridgeway dziwani kuti ndi zinthu zomwezo.

Importin alpha ndiye wowerenga chizindikiro. Thupi lake ndi zigawo 10 zofanana zotsatizana, zotchedwa ARM, chilichonse cha ma amino acid pafupifupi 40 opotedwa m'timizere titatu. Zigawozi zikasanjikizana zimapanga chinthu chachitali chopindika pang'ono, chokhala ndi ngalande mkati mwa kupindikako. Elena Conti ndi John Kuriyan anaonetsa maonekedwe amenewa mu 1998 pounika ndi X-ray. M'ngalandemo muli mzere wa ma amino acid a tryptophan ndi asparagine, ndipo m'mbali muli ma amino acid a chaji ya negetivu. Chizindikiro chimagona motambasuka m'ngalande, asparagine akugwira msana wake, mikono yaitali ya lysine ndi arginine ikulowa pakati pa ma tryptophan, nsonga zake za pozitivu zikukokedwa ndi negetivu ija. Malo ogwirira ndi awiri, aakulu chakumayambiriro ndi aang'ono chakutsogolo. Chizindikiro cha SV40 chimakhala pa aakulu. Cha nucleoplasmin, cha magulu awiri chija, chimagwira malo onse awiri, ndipo ma amino acid 10 apakati aja ndi ongofikitsa mtunda wa pakati pawo. Zimene anthu anaona mu mazira a chule zinadzagwirizana ndendende ndi zimene X-ray inaonetsa patapita zaka zambiri.

Mbali imene ine imandisangalatsa kwambiri ndi mchira wa importin alpha. Kumayambiriro kwake kuli kachidutswa kotchedwa IBB, kodzaza arginine ndi lysine, kofanana ndi NLS. Mu 1999 Bostjan Kobe anaona kuti importin alpha ikakhala yokha, mchirawu umapinda n'kugona m'ngalande yake yomwe, kutseka malo a katundu. Importin beta ikagwira mchirawo n'kuukoka, ngalande imatseguka, katundu n'kukwera. Mkati mwa nyukiliyasi, importin beta ikausiya, mchira umabwerera n'kukankha katundu. Chidutswa chimodzi chikugwira ntchito zitatu: kulumikiza onyamula awiri, kuletsa alpha kutola katundu pamene palibe womudutsitsa, ndi kutsitsa katundu pofika.

Importin beta ndiye wodutsa pa chibowo. Ili ndi ma amino acid 876 oyalidwa m'zigawo 19 zotchedwa HEAT, chilichonse cha timizere tiwiri topotedwa, kena koyang'ana kunja kena mkati. Zonse pamodzi zimazungulira n'kupanga chinthu chopotana chimene chimatha kufutukuka ndi kufinyika. Kunja n'kumene kuli timaenje togwira FG. Mkati n'momwe imakumbatira mchira wa alpha, kapena katundu wina mwachindunji, kapena Ran. Kufewa kumeneku ndiko kumalola puloteni imodzi kugwira zinthu zosiyana kukula ndi maonekedwe. Munthu ali ndi mapuloteni a banja limeneli pafupifupi 20, yisiti 14, ndipo ma importin alpha a munthu alipo 7. Ena a m'banjali amalowetsa katundu popanda alpha, monga transportin imene imawerenga chizindikiro china chotchedwa PY. Ena amatulutsa, ndipo wodziwika kwambiri ndi CRM1, amene ntchito yake inadziwika mu 1997.

Mnyamata wa wilibala uja amadziwa kumene akupita. Importin siidziwa. Ikalowa m'chibowo imangoyendayenda, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ikhoza kutulukira mbali iliyonse. M'chibowo mulibe injini yokankha. Mabuku ambiri amajambula muvi wokhuthala wolozera mkati, ndipo ine ndimaona kuti muvi umenewo umasokoneza ophunzira kuposa kuwathandiza, chifukwa umawapangitsa kuganiza kuti chibowo chimapopa. Chimene chimachititsa kuti katundu aunjikane mkati n'chakuti amakwezedwa kunja kokha ndipo amatsitsidwa mkati mokha.

Wochititsa zimenezi ndi Ran. Puloteni imeneyi imakhala itagwira GTP, kamolekyu kosunga mphamvu, kapena GDP, imene imatsala GTP ikasweka, ndipo maonekedwe ake amasintha malinga ndi chimene yagwira. Puloteni yoika GTP pa Ran, yotchedwa RCC1, imamatirira pa DNA yokulungidwa, choncho ili mu nyukiliyasi mokha. Yothandiza Ran kuswa GTP kukhala GDP, yotchedwa RanGAP, ili kunja, ina itamangiriridwa pa timaulusi ta chibowo toyang'ana ku saitopulazimu. Zotsatira zake n'zakuti mkati muli RanGTP yambiri, kunja pafupifupi kulibe. Tsono importin beta ikatulukira mkati ndi katundu, RanGTP imalowa m'kupindika kwake n'kuisintha maonekedwe, iyo n'kusiya mchira wa alpha. Katundu watsika. Ndi wamkulu, sangabwerere yekha. Importin beta imatuluka ndi RanGTP, kunja RanGAP n'kuswa GTP, Ran n'kugwa, beta n'kukhalanso yokonzeka. Alpha imatulutsidwa ndi wonyamula wake wotchedwa CAS, nayenso ndi RanGTP yake, moti ulendo umodzi wathunthu umadya ma GTP awiri. Ran yotsalira kunja imabwezedwa mkati ndi kapuloteni kena, NTF2. Otulutsa katundu amachita mosemphana: amagwira katundu pokhapokha RanGTP ilipo, ndipo amamusiya GTP ikasweka.

Umboni wake ndi wosavuta kumva. Mu 1999 Maxence Nachury ndi Karsten Weis anathira RanGTP yambiri kunja kwa nyukiliyasi, ndipo otulutsa katundu anayamba kumulowetsa. Chibowo chinali chomwecho, chimene chinasintha ndi mbali imene RanGTP inali. Ngakhale pa nthawi yogawikana, nembanemba itaphwasuka, RCC1 imakhalabe pa makromozomu, choncho RanGTP imachuluka mozungulira iwo n'kumasula ku importin mapuloteni omanga timaulusi tokoka makromozomuwo.

Selo limagwiritsanso ntchito chibowo polamula zochita zake. Puloteni yoyambitsa malangizo ena imatha kupangidwiratu n'kusungidwa kunja, chizindikiro chake chitaphimbidwa, kudikira nthawi. NF-kB, imene imadzutsa chitetezo cha thupi, imagwiridwa kunja ndi IkB, ndipo selo likamva kuti kwabwera tizilombo, IkB imaphwanyidwa, chizindikiro n'kuonekera, importin n'kunyamula. Prednisolone ndi dexamethasone, mankhwala amene amapatsidwa tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu kwa odwala mphumu ndi zotupa, amagwira puloteni yowalandira mu saitopulazimu, ndipo puloteniyo imatengedwa kupita mu nyukiliyasi kukazimitsa malangizo oyambitsa kutupa. Kayendedwe kameneka kakasokonekera pamabuka matenda. Mabanja ena odwala ALS, nthenda yopha minyewa yoyendetsa minofu, ali ndi cholakwika pa chizindikiro cha PY cha puloteni ya FUS, moti transportin siigwira bwino ndipo imaundana kunja. Maselo ena a khansa amagwiritsa ntchito CRM1 kutaya kunja mapuloteni amene akanawaletsa kuchulukana, ndipo mankhwala a selinexor, ovomerezedwa ku America mu 2019 pa khansa ya multiple myeloma, amatseka CRM1 yomweyo.

Mavairasi ndiwo akatswiri pa njira imeneyi. Selo likalandira uthenga wa interferon woti kwagwa vairasi, puloteni ya STAT1 imayenera kulowa mu nyukiliyasi kukayatsa chitetezo. Kachilombo ka Ebola kali ndi puloteni ya VP24 imene imakhala pa importin alpha pamalo pomwe STAT1 ikanagwira, ndiye uthenga sufika. SARS-CoV-2, vairasi yoyambitsa Covid, ili ndi puloteni ya ORF6 yomamatira pa nucleoporin ya Nup98. Apa mpamene panachokeranso mbiri ya ivermectin imene inadzaza magulu a WhatsApp a mu Lusaka nthawi ya Covid. Akatswiri a ku Monash University ku Australia anali atanena mu 2012 kuti mankhwalawa amasokoneza importin alpha ndi beta, ndipo mu 2020 anaonetsa kuti amachepetsa kachilomboko m'maselo a m'mbale ya mu labotale. Koma mlingo umene anagwiritsa ntchito unali woposa kwambiri umene magazi a munthu amafika akamwa mapiritsi, ndipo kafukufuku wamkulu pa odwala, monga TOGETHER ndi ACTIV-6, sanapeze phindu. Ivermectin ndi mankhwala abwino a njoka za m'mimba ndi mphere, koma osati a Covid.

HIV ndiyo inapita patali kuposa onse. Kachilomboka kayenera kufikitsa malangizo ake mu nyukiliyasi kuti awasokerere mu DNA ya munthu, ndipo kamatha kutero ngakhale m'maselo osagawikana, amene nembanemba yawo siiphwasuka. Malangizowo amayenda m'chigoba chosongoka mbali imodzi, chomangidwa ndi puloteni imodzi yobwerezedwa koposa ka 1,000, chotalika ma nanomita pafupifupi 120 ndipo kumene n'kotakata ma nanomita pafupifupi 60. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti chigobachi chimasweka kunja chifukwa n'chachikulu kuposa chibowo. Mu 2021 magulu a Hans-Georg Kräusslich ndi Martin Beck ku Germany anajambula maselo owumitsidwa ndi chisanu n'kuona zigoba zathunthu zili m'kati mwa zibowo, ndipo anaona kuti chibowo cha m'selo lamoyo n'chotakata kuposa mmene ankayezera pa zibowo zochotsedwa m'selo. Mu 2024 magulu awiri, lina la Görlich yemwe uja ndi Thomas Schwartz, lina la David Jacques ku Sydney, anaonetsa chifukwa chake. Puloteni ya chigoba ili ndi kadzenje kogwira FG, ndipo popeza yabwerezedwa paliponse, chigoba chonse n'chodzaza timaenje totere. Chimasungunukira m'timaulusi ta chibowo mofanana ndi importin beta, popanda wochinyamula. Chili chonyamula pachokha, ndipo katundu wake amadutsa atabisika mkati, osaonedwa ndi mapuloteni a mu saitopulazimu amene ntchito yawo ndi kununkhiza DNA yachilendo.

Kadzenje komweko ndi kamene jakisoni wa lenacapavir amalowamo. Mankhwalawa amakhala pamalo pomwe chigoba chimagwirira nucleoporin ya Nup153 ndi puloteni ya CPSF6 imene imachiperekeza mkati. Akakhalapo, chigoba chimauma molakwika, ulendo wolowa umasokonekera, ndipo ngakhale zigoba zatsopano zimamangika zopunduka. Ndi amphamvu pa mlingo wochepa kwambiri ndipo amachoka m'thupi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake jakisoni amabayidwa kawiri pa chaka. Pa kafukufuku wa PURPOSE 1 ku South Africa ndi Uganda, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, pa atsikana ndi amayi 2,134 amene anabayidwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka kuti watenga HIV. America inavomereza jakisoniyu ngati njira yodzitetezera mu June 2025, WHO inamulimbikitsa mwezi wotsatira, ndipo Zambia inali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kumulandira chakumapeto kwa chaka chomwecho.

Kachilomboka kakhoza kuzemba mwa kusintha amino acid mmodzi wa m'kadzenjeko kapena pafupi nako, monga kusintha kotchedwa N74D ndi Q67H. Izi zimachitika makamaka munthu amene ali kale ndi HIV akalandira lenacapavir yekha popanda ma ARV ena, chifukwa kachilombo kamapitiriza kuchulukana mankhwala alipo, ndipo amakhalamo miyezi yambiri. Ndiye anamwino akakuuzani kuti muyambe mwayezetsa magazi musanabayidwe, ndiponso nthawi iliyonse mukabwerera pakatha miyezi 6, musaone ngati akukuchedwetsani pamzere.